Tsiku Limene Lemani Anagona

Zaka khumi ndi chimodzi Lemani Phiri anali asanatsekepo takishopu yake ngakhale tsiku limodzi. Pa Khirisimasi ankatsegula. Lachisanu Loyera ankatsegula. Tsiku limene mkazi wake Tsitsi ananyamula chikwama n'kukwera basi ya ku Joni osatsanzika anatsegulanso, ndipo munthu amene anabwera kudzamuuza nkhaniyo iye anam'gulitsa machesi.

Takishopuyo inali kachipinda kamodzi ka njerwa m'mphepete mwa komboni, pa purazi ina, famu ya fodya ya kunja kwa Malawi, kuseri kwa tawuni ya Macheke. Kutsogolo kunali chitseko chachitsulo ndi kauntala, kumbuyo kunali kansalu kotchinga matiresi ake ndi kawindo kamodzi. Katundu sanali wambiri: chingwa, shuga, mchere, matemba, sopo wodula zidutswa, makandulo, ndudu zogulitsa imodziimodzi. Koma sitolo ina inali ulendo wa maola awiri wapansi, ndiye komboni yonse inkathera pachitseko chimenecho. Ndipo anthu a pakomboni, ndikuuzeni, chifundo ndi munthu wa sitolo alibe. Tambala asanatsike mumtengo, gu! gu! gu! wina akufuna mchere wa supuni imodzi. Lemani akati aike nthongo m'kamwa, gu! gu! gu! Ngakhale kuchimbudzi ankapita chothamanga, makiyi ali kukamwa.

Pa maliro ndiye panali nkhani. Mwambo wa anthu athu ndi wodziwika: maliro n'kulirana, ndipo mwamuna aliyense amayenera kukagwirako piki kumanda. Lemani atangoyamba malonda, kutagwa maliro, anatenga loko kuti atseke. Amene anam'gwira mkono anali Sekuru Adriano (sekuru ndiye kuti agogo kumeneko), mkulu wa adzukulu okumba manda, bambo wamtali wouma, wa diso limodzi lofiira.

"Ukutseka? Iwe, ukatseka makandulo tikagula kuti? Anyamata kumandako asuta chiyani? Khasu lako iwe ndi kauntalayi. Khala pomwepa."

Lemani anamvera. Maliro alionse ankatumiza paketi ya shuga kwa azimayi ndi ndudu kwa adzukulu, iye ali chiimire pakauntala. Anthu ankayamika, ena mpaka kuwomba m'manja. Koma mawu a Sekuru Adriano aja analankhulidwa pali anthu awiri okha, ndipo panalibe amene anawalemba.

Amene nkhaniyi inkawasowetsa mtendere anali amayi ake a Lemani, Anabanda. Anabwera kuchokera ku Dedza ali mtsikana wongokwatiwa kumene, n'kukalambira m'mizere ya fodya ya anthu ena. Tsopano maso anali atachita ng'ala, ndipo ankakhala m'kanyumba ka pafupi ndi takishopu. Ku Malawi kunalibenso amene akanawazindikira. Chuma analibe, ndipo sankachifunanso. Chimene ankafuna chinali chimodzi: manda akuya, pambali pa amuna awo, okhala ndi kachipinda ka m'mbali kamene akuluakulu amati mudzi. Mmenemo ndi mmene amalowetsa bokosi n'kutseka ndi mitengo, kuti dothi lokwirira lisagwere womwalirayo.

"Lemani," ankatero m'mawa uliwonse akawabweretsera phala, "dothi lisadzandigwere pachifuwa ngati akukwirira galu. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Sunamve. Phazi lako silinapondepo kumanda. Adzandikumbira ndani ine?"

"Sekuru Adriano okha ndi amene anati ndisamatseke."

"Adriano! Adriano amene anaiwala kumene anasiya mkazi wake woyamba?"

Lemani ankangoseka n'kuthamangira kukauntala, chifukwa wina amakhala wayamba kale kugogoda.

Chaka chimenecho, mu Febuluwale, thupi linakana. Inali nyengo yothyola fodya, anthu akulawirira kumunda n'kuweruka mochedwa, ndiye chitseko sichinkazizira. Miyendo ya Lemani inatupa mpaka nsapato zinasiya kulowa. Tsiku lina anagona chiimire, n'kupatsa mayi wina sopo m'malo mwa chingwa. Munthu woti am'siyire sitolo analibe. Kutseka n'kukhala panja sikukanathandiza, akanam'tsatira ngakhale pansi pa mtengo. Kutsekera m'kati ndiye akanathyola chitseko ndi zibakera. Apa m'pamene anaganiza nzeru yake ija, ndipo anaiona ngati nzeru yeniyeni, wosauka.

Masiku atatu ankauza aliyense wobwera kudzagula kuti Lachinayi akupita ku Marondera kukaoda katundu. Lachinayi litafika, kukuyera kumene, anapereka phala kwa amayi ake n'kuwanong'oneza chilungamo, poopa kuti angade nkhawa. Kenako anakhoma loko wamkulu kunja kwa chitseko, n'kuzungulira kuseri, n'kudzikankhira pakawindo kaja. Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, wa kamimba kake, kulowa m'sitolo yakeyake ngati mbala! Buluku linang'ambika pamsomali, chigongono chinasupuka. Koma atangodziponya pamatiresi anamva kukoma kumene anali atakuiwala. Wina anabwera, anagwedeza loko, anatukwana, n'kubwerera. Lemani anamwetulira m'bulangete, tulo n'kumutenga.

Chinam'dzutsa chinali thirakitala ndi kulira kwa azimayi. Dzuwa linali litakwera ndithu. Anatchera khutu, ndipo sizinam'tengere nthawi kumva zonse, chifukwa anthu ankalankhulira pakhoma lake lenileni. Madala Joze, amene anakalambira pa ntchito yosonkhezera moto m'mabani a fodya, anali atamwalira kuchipatala, ndipo mtembo unali utangofika. Mwini purazi anapereka tsiku lomwelo lokha, chifukwa fodya anali akupsa m'munda. Kuika kunali madzulo omwewo. Ndipo nyumba ya Joze inali kuseri kwa takishopu, bwalo lake n'kumene kawindo kaja kanapenya.

Lemani anadzuka, anaponda pakireti, anasuzumira pamng'alu. Maiwe! Pansi penipeni pa windo panali mzere wa maduku, azimayi atatsamira khoma lake. Kuti atuluke anayenera kutsogoza matako, buluku long'ambika, n'kutsikira pamitu ya anamfedwa, iye amene komboni yonse inkadziwa kuti ali ku Marondera. Anatsika pakireti. Anati adikire kaye anthu anyamuke ulendo wa kumanda, iye atuluke mwakachetechete, akawapeze konko ngati wangotsika kombi yochokera ku Marondera. Anagona chagada kuti adikire. Ndipo tisam'bisire: tulo tija tinali tisanathe, ndipo iye sanalimbane nato kwenikweni.

Anadzidzimuka ndi mawu a Sekuru Adriano, pafupi ngati ali m'chipinda momwemo.

"Ambuya, Lemani anati abwera nthawi yanji ku Marondera? Anyamata akumba chiyambire m'mawa opanda ndudu, kuno shuga kulibe."

Ankafunsa Anabanda. Jenifa, mayi woyandikana nawo nyumba, ndi amene anawagwira dzanja n'kudzawakhazika pamthunzi wa khomalo. Lemani anagwira pakamwa. Anapemphera kuti amayi ake akhale atagontha tsiku limenelo.

"Marondera yake iti?" anatero Anabanda, mokweza monga amachitira anthu osaona. "Ali m'katimu. Msiyeni agone mwana wanga, watopa."

Kunja, ngakhale amene ankalira analeka. Lemani anadikira chibakera pachitseko, anadikira kutukwanidwa, ndipo akanakondwa nako. Koma palibe anagogoda. Patapita kanthawi nyimbo inayambanso, bokosi linanyamulidwa, mapazi anapita kumanda. Bwalo linatsala lopanda munthu, windo lili poyera, koma manyazi anam'khomera pamatiresi kuposa loko uja. Sanatuluke mpaka m'mawa mwake.

Anthu sanasiye kugula, akanapita kuti? Palibenso amene anam'funsa mlandu. Ankangoti akalandira mchere wawo, "Kunali bwanji ku Marondera, a Phiri? Mvula inagwako?" Ena ankati akam'peza akuyasamula, "Pepani, takudzutsani." Iye ankangoseka nawo.

Anayesa kukonza. Mu Juni kutagwa maliro a mwana wakhanda, anatseka takishopu masanasana, anabwereka fosholo, anapita kumanda. Sekuru Adriano anam'chingamira asanafike n'komwe pamitengo.

"Wasochera? Bwerera, anthu akusowa shuga uko. Za kuno suzidziwa iwe."

Anabwerera, fosholo ili paphewa, n'kukatsegula. Amayi ake sanawauze. Iwo anali ataiwala kale zimene ananena tsiku lija, koma za mudzi wawo sanaiwale, m'mawa uliwonse.

Anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanadonthe ndi kamodzi komwe. Anapita mwakachetechete, kapu ya tiyi ili m'manja. Azimayi anabwera onse, analira zenizeni, anawasambitsa, chifukwa Anabanda anali atasambitsa amayi awo ndi ana awo. Kalipentala wa papurazi anakhoma bokosi. Lemani anayamba kuganiza kuti mwina anthu akhululuka. Koma kutacha, atatuluka m'nyumba ya siwa, anaona zinthu zitatu zitatsamiritsidwa bwinobwino pachitseko cha takishopu: piki, fosholo ndi khasu. Sanafunse munthu tanthauzo lake.

Manda a antchito ali kuphiri, pamiyala, pamene pulawo ya mwini purazi inalephera kulowa. Adzukulu anali atafika kale, amuna khumi ndi awiri, atakhala pamthunzi wa mitengo ya musasa, miyendo atatambasula. Sekuru Adriano anayeza ndi bango pambali pa manda a bambo ake a Lemani, analemba mzere ndi chidendene.

"Malo ndi awa. Ife lero tatopa."

Lemani anavula shati. Piki yoyamba inadumpha ngati wamenya pasimenti, ululu unakafika m'mano. Manja ozolowera kukulunga matemba m'nyuzipepala anatuluka matuza dzuwa lisanatenthe, matuzawo anaphulika, mpini unayamba kuterera. Ankakumba pang'ono, n'kusiya piki, n'kutenga fosholo, n'kubwereranso ku piki. Kumthunzi kuja ankacheza za mpira. Wina anafuula kuti, "Gwira kumapeto kwa mpini, si sikelo imeneyo!" ndipo anzake anaseka. Dzuwa litafika paliwombo, dzenje linali la m'mawondo, lokhota mbali imodzi.

Chilango chotere chili ndi mathero ake, ndipo aliyense ankawadziwa. Munthu amakumba mpaka masana, kenako amagwada, amapepesa, amalonjeza nkhuku, adzukulu n'kudumphira m'dzenje. Amuna khumi ndi awiri osinthana sachedwa, pofika madzulo manda amakhala atatha, ndi mudzi womwe. Lemani ankadziwa zimenezi, ndipo mawu opepesa anali atawakonza kale pakhosi. Sekuru Adriano atadzuka n'kubwera pamphepete pa dzenje, iye anali atayamba kale kupinda bondo.

"Wakumva kuwawa kwake?" anatero Sekuru Adriano.

"Ndakumva, Sekuru."

"Chabwino. Tuluka. Thamanga ukatsegule kaye, anyamatawa sanasute chiyambire m'mawa, ndipo azimayi atumiza mawu kuti mchere watha. Za kuno tisiyire eni ake."

Bondo lija linaongoka lokha. Lemani anayang'ana mkuluyo kuyambira kuzala zakumapazi mpaka kudiso lofiira lija. Zaka khumi ndi chimodzi zinam'bwerera m'mutu nthawi imodzi: phala lozizira, miyendo yotupa, mkazi wopita osam'thamangira, tulo ta tsiku limodzi tokha timene anaba m'nyumba yakeyake. Anthuwa anam'langa chifukwa chosapita kumaliro, ndipo tsopano, pa maliro a mayi ake omubala, ankam'tumanso kukauntala! Anaseka, kuseka koipa kopanda mano.

"Ndatseka, Sekuru."

"Wati chiyani?"

"Ndati ndatseka. Simunamve? Kuli maliro."

"Iwe mwana, ukulankhula ndi ine?"

"Munati khasu langa ndi kauntala. Munatero kapena simunatero? Nenani pamaso pa anthuwa."

Sekuru Adriano anatembenukira kumthunzi, anatambasula manja. "Ine? Ndingauze mwamuna mnzanga kuti asamapite kumaliro? Ndapenga?"

Ndipo nkhope yake inali yoyera, ya munthu amene sakunama. Anali ataiwaladi. Zimenezi n'zimene zinam'pweteka Lemani kuposa matuza. Analavulira m'manja, anatola piki.

"Ndiye khalani pamthunzi. Amayi anga ndikumbira ndekha."

Akanakhala ndi m'bale, akanam'kokera pambali n'kumuuza kuti mkwiyo sukumba manda. Analibe. Adzukulu anayang'anizana, anagwedeza mitu, anabwerera pansi pa mtengo, ndipo ulendo uno sanasekenso. Mmodzi anadzuka kuti akathandize, Sekuru Adriano anangomuyang'ana, iye n'kukhalanso.

Lemani anakumba. Anamanga shati m'manja, shatiyo inafiira. Jenifa anabwera ndi chigubu cha mahewu, anaima patali monga amachitira azimayi, anam'chonderera.

"Achimwene, pepesani basi. Si za inu izi, n'za ambuya."

Iye anamva, ndipo anadziwa kuti mayiyo akunena zoona, koma piki inali itakwera kale m'mwamba. Dzenje litafika m'chiuno anakumana ndi mwala, wosalala, waukulu ngati chitseko. Anaumenya mpaka moto unathetheka. Anasiya, anagwada, anayamba kugoba m'mbali kuti apange mudzi. Khoma linali nsangalabwi zokhazokha zosakanizika ndi miyala. Anagoba kabowo kolowa mkono umodzi, ndipo manja anakana kufumbata mpini. Anayesa ndi khasu, khasu linagwa. Anayesa ndi zala.

Pamenepo nyimbo inamveka kuchokera kukomboni. Mkulu wa mpingo anali atalamula kuti bokosi linyamuke, chifukwa ndi kutentha kumeneko mtembo sukanagonanso tsiku lina, ndipo m'mawa mwake anthu ankafunika kumunda kukaoka fodya. Anthu atafika anaima mozungulira, anasuzumira m'dzenje, anayang'ana kumbali. Mkulu wa mpingo anafunsa Sekuru Adriano ngati sangathe kuwonjezerako pang'ono. Iwo analoza dzuwa, limene linali litatsamira kale paphiri.

"Mwini wake anati akumba yekha. Ndi amenewa manda ake."

Anam'tulutsa Lemani pom'koka m'khwapa. Bokosi linatsika ndi zingwe, ndipo silinachedwe kufika, linakhala pamwala paja mopendekeka, chivundikiro chili pafupi moti mwana akanatha kuchigwira atagwada. Kabowo kaja kanali pambali pake, kakuda, kokwana mwina nkhuku. Mapemphero anali aafupi. Kenako adzukulu anatenga mafosholo, chifukwa kukwirira ndiye sanakane.

Dothi la Okutobala silikhala dothi, limakhala mabuma. Loyamba linagwera pachivundikiro penipeni, pamene panali chifuwa. Gu! Lachiwiri, gu! Kenako mafosholo anayi nthawi imodzi, gu! gu! gu! monga mmene ankagogodera pachitseko chake chachitsulo. Lemani anadzandira kupita kutsogolo, manja okutidwa ndi shati atawatambasula.

"Pang'onopang'ono, anthuni," anatero, mawu atasasa. "Asiyeni agone. Atopa."

Koma dzuwa linali likulowa, ndipo anyamata ankafulumira.